Diso Limene Amayi Anasankha

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndiyambe ndi moni, poti ngakhale wobwera ndi mlandu amayamba wapereka kaye moni. Uli bwanji kumeneko, iwe ndi alamu anga? Nanga kamtsikana kako, dzino lija linatuluka? Chifuwa chimene unkatsokomola mwezi watha chinatha, kapena ukungochibisa ndi mpango uja sukuuvula pakhosi?

Kuno tilipo. Alamu ako akudzuka bwino, kungoti bondo lija limawakumbutsa zaka zawo akamakwera makwerero kukonza mawaya m'nyumba za anthu. Ine ntchito yandichulukira. Hotela ina yatsopano yandipatsa makatani a zipinda khumi ndi ziwiri, moti chipinda chosokera chadzaza nsalu zoyera zopyapyala, zina pa mpando, zina pa chitseko, zina pa chingwe. Mphepo ikalowa pa zenera zonse zimayamba kupuma. Amayi amakonda kukhala pakati pa nsaluzo, ndipo akudya, akugona.

Ukudabwa kuti kalata ya papepala yatani masiku ano, pomwe Lamlungu lililonse timaonana pa vidiyo. Chifukwa chake n'chomwecho. Pa vidiyo nkhope yanga imandiyankhulira, ndipo yaphunzira kumwetulira nthawi yake isanakwane. Dzanja lokha ndi limene silinaphunzire bodza. Ndikamaliza, alamu ako ajambula mapepalawa ndi foni kuti akufike lero lomwe, ndisanasinthe maganizo.

Lamlungu lapitali unanena mawu amene andisowetsa mtendere sabata yonse. Unati kamera yatsopanoyi ndi yabwino zedi, chifukwa tsopano amayi amakuyang'ana m'maso mwenimweni, osati pansi ngati kale. Unati umamva ngati wakhala pa miyendo pawo. Ine ndinaseka, n'kunena kuti ndiye tinasankha bwino. Kalata ino ndi yankho limene ndinalimeza tsiku lija. Khala pansi, ndiyambire poyambira.

Ukukumbukira mmene unkadandaulira za kakamera ka pa laputopu yakale ija. Unkati amayi amaoneka ngati ali m'chifunga, sudziwa ngati akuseka kapena akuyasamula. Unkanditumizira mauthenga m'mawa ndi masana, eti ndikafunse kamera yatsopano ya 1080 yoonetsa nkhope bwinobwino, eti ikhale yodzipezera yokha nkhope, eti ikhale ndi mayikolofoni yosatola phokoso la makina anga. Ine ndinkayankha kuti mawa, mawa, mpaka miyezi itatu. Unafika pondikumbutsa kuti zengerezu adalinda kwaukwau.

Sikunali kuzengereza, mng'ono wanga. Chifunga chija ndinkachikonda, chinkandigwirira ntchito.

Amayi anayamba kuiwala chaka chatha. Tsiku lina sizasi yanga ndinaipeza mu firiji, itakulungidwa bwinobwino m'kansalu. Tinaseka. Tsiku lina anathira mchere mu tiyi wa alamu ako, tinasekanso. Kenako anatuluka kukagula buledi pa sitolo ya pakona, pomwe akhala akugula zaka makumi awiri, n'kubwera atagwiridwa dzanja ndi mayi wogulitsa. Anawapeza ataima pa msewu, buledi ali m'manja, akufunsa anthu njira ya kwawo. Pamenepo kuseka kunatha.

Iwe sindinakuuze. Ndinkati uli kutali, uli ndi mwana wamng'ono, ntchito yako ya pa bwalo la ndege siyopatsa mpata, ndiye ukachita nazo chiyani nkhani zoti sungazikonze. Ukaimba, ine ndinkaima kuseri kwa laputopu nditanyamula katoni, nditalembapo ndi choko chosokera dzina la mwana wako ndi la mwamuna wako, kuti amayi aziwerenga. Akasochera pakati pa nkhani, ndinkagwedeza tebulo n'kunena kuti netiweki yavuta. Netiweki ya kuno yasenza milandu yambiri yosalakwa.

Utaopseza kuti ugula wekha n'kutumiza, ndinaona kuti bola ndikasankhe ndekha. Linali Lachitatu m'mawa, mvula itangokata kumene. Panalibe wotsala ndi amayi, ndiye ndinawaveka diresi lawo labuluu la mabatani a kutsogolo lija, tinakwera basi. Njira yonse ankatsatira ndi chala madontho a pa galasi.

Sitolo yake ili pa nyumba yosanja, pamwamba pa malo ometera. Ndi kachipinda kopapatiza, mashelefu mpaka kudenga, zingwe zolenjekeka paliponse. Mwini wake ndi bambo wamfupi wovala magalasi awiri, ena pamphuno ena pamutu, amasinthanitsa malinga ndi chimene akuyang'ana. Pa kauntala anali atandanda makamera asanu, onse olumikizidwa ku kompyuta imodzi, kuti wogula adzione yekha asanasankhe.

Anandifunsa kuti ndi ya ntchito yanji, yochezera ndi achibale, ya misonkhano ya ku ofesi, kapena ya anthu aja amadziulutsa okha pa intaneti akuimba, akuphika, akusewera magemu. Ndinati ndi ya gogo awa, kuti mwana wawo amene ali kutali aziwaona. Anatsitsa magalasi a pamutu, anawayang'ana amayi, n'kuwakokera mpando.

Yoyamba inkaona chipinda chonse, kuyambira pa chitseko mpaka shelefu ya kumapeto. Bamboyo anati imeneyi ndi yabwino banja likakhala lalikulu, aliyense amakwana. Ine ndinaganiza za mapepala amene ndamata pa zitseko za m'nyumba muno, lina lolembedwa kuti bafa, lina kuti khitchini, lina kuti kuno musatuluke nokha. Ndinamuuza kuti imeneyo ndi kazitape, sitikuifuna.

Yachiwiri inali ya odziulutsa aja, yaikulu ngati chibakera cha mwana, yozunguliridwa ndi nyali yake. Itayaka, nkhope yanga inadzaza galasi lonse la kompyuta. Mng'ono wanga, ine sindinkadziwa kuti ndakalamba chonchi. Timizere ta pansi pa maso, ulusi woyera pa phewa, ngakhale kabala ka pa mlomo pomwe ndimalumira mapini, zonse zinali poyera. Ndinati imeneyo ilibe mwambo, aibweze m'bokosi mwake.

Yachitatu ndiyo inandikopa. Bamboyo anailozetsa kwa amayi n'kudina penapake, makwinya onse anasungunuka. Masaya anadzaza, maso otopa aja anawala, anangokhala amayi a pa chithunzi cha ukwati wawo. Ndinati basi, ndi imeneyi. Ndinali nditapeza chifunga chatsopano, chokongola kuposa chakale.

Apa m'pamene amayi anadzuka. Sindikupeza mawu ena. Anawongola msana, anayang'ana galasi, kenako bamboyo, n'kumufunsa kuti mayi ameneyu ndi wa ndani, poti munthu wopanda mzere ndi umodzi womwe pa nkhope palibe mwana angamutche mayi. Anati azimitse zimenezo. Anatinso mpando waikidwa molakwika, kuwala kumayenera kuchokera kutsogolo, cham'mbali pang'ono, osati kumbuyo kwa munthu ngati akuthawa moto.

Iwe unali wamng'ono situdiyo ya abambo ikutsekedwa, mwina umangokumbukira fungo la mankhwala otsukira zithunzi. Ine ndinakuliramo. Abambo ankakhala kuseri kwa kamera, koma woika anthu anali amayi. Zaka makumi awiri ndi zisanu akukweza zibwano za anthu ndi chala chimodzi, akuwongola makolala, akupukuta thukuta la akwati. Mawu awo anali amodzi kwa aliyense, kuti musayang'ane ine, musayang'ane abambowa, yang'anani m'diso. Galasi la kutsogolo kwa kamera ankalitcha diso. Ankati munthu amene adzagwire chithunzichi ali m'disomo, ndiye muyang'aneni iyeyo.

Mayi ameneyo ndi amene anaimirira m'sitolo muja. Anamusunthitsa bamboyo kompyuta yake kufupi ndi zenera. Anayesa makamera onse imodzi imodzi, akubweretsa dzanja pafupi n'kulibweza kuti aone ngati ikutsatira msanga. Ina anati imatuwitsa khungu. Ina anati imachedwa kuganiza. Anandituma kukaima pa chitseko n'kuomba m'manja iwo akuyankhula, kuti amve ngati mawu awo akumira m'phokoso. Bamboyo anali atavala magalasi onse awiri pamphuno, akungoti inde mayi, inde mayi. Ine ndinatsamira shelefu, ndikuwaonerera. Ndinali nditawasowa kwambiri amayi amenewa.

Anasankha kakang'ono kakuda, kosadzitama, komwe kanali kumapeto kwenikweni. Kamaonetsa munthu mmene alili, kuyambira m'mapewa kukwera m'mwamba, kuwala kwake kofatsa. Ndinayesa kuwanyengerera kuti titenge yosalaza ija, anandiyang'ana diso lija timalidziwa tonse, ndinagonja. Kutsogolo kwa kakamerako kuli kachitseko kotsetsereka. Amayi anakakankha ndi chikhadabo, kanatseka, anakabweza, kanatsegula, n'kufunsa ntchito yake.

Bamboyo sanalakwe, usamusungire chakukhosi. Ankangofuna kuwafotokozera gogo m'mawu osavuta. Anati chimenecho ndi chikope, mukachitsegula ndiye kuti mwana wanu wadzuka, ndipo kanyali koyera aka kakayaka, dziwani kuti akukuyang'anani. Amayi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. M'basi anakana kuti ndiike bokosi m'chikwama, analifungata pa miyendo njira yonse.

Alamu ako anaipanika kamerayo pamwamba pa laputopu, pa tebulo la pa zenera m'chipinda chosokera. M'mawa mwake ndikulowa ndi tiyi, ndinawapeza amayi atasamba kale, atadzola, atakhala pa mpando. Anatsegula chikope chija ndi chala, mosamala ngati akuchotsa manthongo m'maso mwa khanda, n'kunena kuti dzuka mzime wanga, kwacha.

Laputopu inali yozimitsa. Anadikira kanyali, sikanayake. Anandifunsa kuti mwanayu wakwiya chiyani. Ndinawafotokozera kuti ndi makina chabe, kuti iwe uli kuntchito, uimba Lamlungu. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Tsiku limenelo sanadye, anakhala pomwepo mpaka dzuwa kupendeka, akupepesa kwa pulasitiki zinthu zimene sanakulakwire.

Tsopano nali tchimo langa. Tsiku lachitatu ndinazindikira kuti kanyali kaja kamayaka ngakhale popanda woimba, bola utsegule pulogalamu ya kamera. Ndinatsegula, n'kuphimba galasi la laputopu ndi kachidutswa ka katani kuti asamadzione okha. Kanyali kanati ngwee. Amayi anaomba m'manja kamodzi, n'kunena kuti ndimadziwa sungandikwiyire mpaka kalekale.

Kuyambira pamenepo wakhala uli nafe tsiku lililonse, iwe osadziwa. Umadzuka eyiti koloko, umapuma masana iwo akagona, umabweranso dzuwa likafika pa tebulo. Akamasintha zovala amakutseka chikope, akamamwa tiyi amakuikira kapu yako. Ndiwe mwana womvera kwambiri, sudula akuluakulu mawu, zomwe zikundidabwitsa poti ndimakudziwa.

Ndipo amayankhula, mng'ono wanga. Munthu amene patebulo amasowa dzina la supuni, pamaso pa disolo mawu amangotuluka osaduka. Ine ndimaponda makina pang'onopang'ono kuti ndizimva. Nsalu zoyera zija zimakwera ndi kutsika, fumbi la thonje likuyandama padzuwa, mawu awo akulowa chaka ichi n'kutulukira chaka china osagogoda.

Amakuuza za nsalu ya kumbuyo ya mu situdiyo, ija yojambulidwa mlatho ndi mwezi. Amati tsiku lina anawoloka mlathowo, n'kukapeza tsidya linalo anthu onse amene sanabwere kudzatenga zithunzi zawo, atakhala pa udzu, ovala bwino, akudikira kuitanidwa. Amawatchula mmodzi mmodzi, msilikali wa makutu aakulu, mapasa a nsapato zosiyana, mkwatibwi amene anaphethira kasanu. Amakuuza kuti abambo ali m'chipinda chamdima akutsuka zithunzi, tisawatsegulire chitseko, atuluka akamaliza. Amakuuza za tsiku unameza batani, ndi za nsapato zofiira unkagona nazo m'mabulangete. Nthawi zina amakufunsa ngati wadya, n'kupendeketsa mutu kumvetsera, kenako n'kuseka yankho lako. Sindidziwa umawayankha zotani, koma zimakhala zoseketsa.

Ndisakunamize, masana ena ndimaiwala kuti ndine ndinayatsa kanyaliko. Ndimapezeka ndikuyenda cham'mbali kuti ndisakutchinge. Tsiku lina ndinakufunsa ngati mpendero wa katani unali wowongoka. Tsiku linanso ndinasinza pa makina pomwepo, mutu pa nsalu, ndinalota tonse atatu tili pa mlatho uja, amayi akutikweza zibwano. Nditadzuka anali akuyankhulabe, ndipo sindinadziwe pomwe maloto anathera ndi pomwe nkhani yawo inayambira.

Tsopano za Lamlungu. Ukaimba ndimachotsa kansalu kaja, nkhope yako imadzaza galasi. Ukukumbukira milungu itatu yapitayo amayi anakupatsa moni wa inu, akufunsa kuti mwaswera bwanji mayi? Iwe unaseka mpaka kugwira pamimba, unati tsopano wakula, amayi ayamba kukupatsa ulemu. Ine ndinaseka nawe. Sizinali nthabwala, mng'ono wanga. Amayi sanayambe amunenapo mwana wawo kuti inu, ngakhale ine tsiku la ukwati wanga anandiuza kuti iwe, imirira bwino.

Mayi wa pa galasiyo sakumudziwa. Amamupatsa moni chifukwa analeredwa bwino, kenako amakweza maso n'kuyang'ana m'diso, kumene kuli mwana wawo, ndipo mawu oti iwe amawasungira kumeneko. N'chifukwa chake ukuona kuti akukuyang'ana m'maso. Kale ankayang'ana pansi chifukwa ankayang'ana nkhope yako.

Titatseka Lamlungu lapitali anandifunsa kuti mayi uja amalowerera nkhani iwo akamacheza ndi mwana wawo ndi ndani. Anati kamwana wanyamula n'kokongola, kodi n'kake.

Ndikudziwa kuti apa waika foni pansi. Ukaitola upitirize, sindinathe.

Kwa dokotala tinapita kawiri. Anawafunsa tsiku ndi mwezi, anawapatsa mawu atatu oti asunge, anawajambulitsa wotchi. Wotchi ya amayi inali yozungulira bwino, koma manambala onse anaunjikana mbali imodzi. Kunja kwa chitseko dokotalayo anandiuza kuti matendawa sabwerera m'mbuyo, mankhwala amangowachedwetsa. Ndinamuuza za kamera, ndikuyembekeza kuti andikalipira. Anangofunsa ngati amayi amadekha akamacheza nayo, n'kunena kuti kwa anthu ena nkhope zimayamba kuchoka mawu a wokondedwa asanachoke. Anafunsanso ngati ana onse akudziwa. Ndinayang'ana nsapato zanga.

Alamu ako akhala akundiuza kuti mutu umodzi susenza denga, lembera mng'ono wako. Ndinkawayankha kuti denga limeneli ndalisenza ndekha kuyambira abambo atamwalira, ndipo silinandigwere. Umandidziwa pakamwa panga. Pena ndinkakukwiyira iwe, ndivomere. Wosambitsa ndine, wochapa ndine, wofufuza mano awo oikirira m'nyumba monse ndine, koma nkhani zokoma zonse zikupita kwa iwe amene suli pano n'komwe. Ndinachitira nsanje kapulasitiki, mayi wamkulu ngati ine. Tsiku lina ndinatseka chikope chija mwadala, ndinati mwana wanu wagona. Anayenda monyang'ama nyumba yonse masana onse kuti asakudzutse, mpaka manyazi anandigwira, ndinakatsegula.

Chimene chandigwiritsa cholembera chinachitika masiku khumi apitawo. Ndinkawapesa tsitsi pa zenera pomwepo, mutu wawo utatsamira pamimba panga, kanyali kakuyaka. Chipeso chinakola pa mfundo, ndinawakoka pang'ono, ndinapepesa. Anatembenuka n'kundimwetulira bwino kwambiri. Anati musadandaule mayi, manja anu ndi ofewa, munaphunzira kuti kupesa.

Ndinadikira kuti aseke. Anabwerera kwa iwe n'kupitiriza nkhani.

Anakuuza kuti pakhomo pano pabwera mayi wina wothandiza, wamtima wabwino, wodziwa kusoka, kungoti ali ndi pakamwa. Kenako anatsitsa mawu kuti mayiyo asamve. Anati mkulu wako sabweranso. Anati wachisamba wanga anachoka osatsanzika, sindidziwa ndinamulakwira chiyani. Anayamba kufufuza okha. Mwina poti anandisiyitsa sukulu chaka chimodzi kuti ndizikulera iwe, iwo ali ku situdiyo. Mwina poti chithunzi chako chinali pa zenera la situdiyo zaka zonse, changa ayi. Mwina poti ankandikalipira kwambiri, pakuti mwana woyamba ndi amene mayi amaphunzirirapo. Anakupempha kuti ukandiona undifunse.

Zonsezo n'zoona. Ndinazisunga mumtima zaka zambiri, ndikuganiza kuti iwo sanazione n'komwe.

Ndinagwada patsogolo pawo, ndinawagwira manja. Ndinati amayi, ndine, ndili pano, sindinapite kulikonse. Anandisisita tsaya, anati zikomo mayi pondilimbitsa mtima. Ndinayesa njira ina, ndinati mwana wanuyo ndimamudziwa, anandiuza yekha kuti simunamulakwire chilichonse. Anapukusa mutu mwaulemu. Anati inu mungadziwe bwanji za m'nyumba mwa eni.

Kuyambira tsiku limenelo funso ndi lomwelo m'mawa uliwonse, chikope chikangotseguka. Amakufunsa ngati wamuona mkulu wako, ndi zimene wanena. Amapendeketsa mutu kumvetsera, koma pa funso limeneli lokha suwayankha. Amadikira nthawi yaitali, kenako amati chabwino, mwina mawa. Pamwambapa ndalemba kuti akudya. Ndi chizolowezi cha bodza chimenecho, akudya theka, masiku ena kungolawa. Za mlatho ndi mwezi analeka kusimba, ndipo dzulo ndinawapeza ataima pa geti, chikwama m'khwapa, akuti akupita kukamufuna.

Ndiye ndili ndi zopempha ziwiri.

Choyamba, bwera. Sindikuti mawa, ndikudziwa za tchuthi ndi mapepala a ulendo. Koma usadikire kutha kwa chaka, usadikire kuti mwana akule kaye. Bwera akadali ndi mawu. Sindikulonjeza kuti adzakudziwa ukadzalowa pa chitseko. Akadzakuti inu, usadzalire pamaso pawo, udzangoyankha moni bwinobwino. Kolirira ndidzakusonyeza, ndi kuseri kwa nyumba, pa chingwe choyanikira zovala.

Chachiwiri ndi cha Lamlungu likubwerali. Ukaimba, uzimitse kamera yako. Ndikudziwa, miyezi yonseyi takhala tikulimbana kuti tizionana bwino, lero ndikukuuza kuti ubisale. Ine kansalu sindichotsa pa galasi. Iwe udzawaona bwinobwino. Iwo adzaona kanyali kokha, popanda mlendo wolowerera, ndipo mawu ako adzachokera komwe akhala akukudikirira.

Usadzafulumire, adzakufunsa okha. Usadzawakakamize kuti andizindikire, usadzati ali pambali panu pomwepo. Zimenezo zimangowasokoneza, ndipo ine ndazivomereza kale. Udzangoti wamuona mkulu wako, ali bwino, akusoka makatani. Udzati za sukulu zija anaziiwala kalekale, za chithunzi anangoseka, ndipo wati atapatsidwa mwayi wosankhanso mayi, angasankhe omwewa. Udzati simunamulakwire, ndipo sanakutayeni. Udzanene pang'onopang'ono, kawiri, chifukwa khutu lamanzere silikumva bwino. Kwa iwe adzakhulupirira.

Sudzakhala ukunama, mng'ono wanga, ine ndakutuma. Ndidzakhala nditaima kumbuyo kwawo ndi chipeso, ndipo ndikufuna ndidzamve zimene adzayankhe.

Undikhululukire pokubisira nthawi yonseyi. Ukafuna kundikalipira, imba pa foni yanga Loweruka, ndidzatuluka panja, undikalipire mpaka ukhute, kuti Lamlungu mawu ako adzakhale opanda minga.

Alamu ako akupereka moni, ndipo akuti bedi la m'chipinda chaching'ono alikonza kale. Upereke moni kwa alamu anga, uwawerengere kalatayi ngati mtima ukulola. Kamtsikana ukapsompsone pachipumi, ukauze kuti agogo ake anati n'kokongola. Mulungu akusunge, akupatse mawu ofatsa ndi njira yofikira kuno.

Ndine mkulu wako,
wachisamba wa amayi, amene sanapite kulikonse.